Maola a CE sanakwane ndipo laisensi ikutha mwezi uno, nditani?

Achemwali, uthenga wanu ndauona. Mukuti muli ku Dallas, muli ndi laisensi yogulitsa inshuwalansi ya moyo ndi ya zaumoyo, ikutha kumapeto kwa mwezi uno ndipo pa maola a continuing education (CE), maphunziro omwe boma limafuna kuti laisensi ipitirire, mwapanga 18 okha, onse owerenga nokha pa intaneti, chifukwa munapita kumudzi kukadwazika mayi.

Poyamba masamu anu oti mwatsala ndi maola 6 okhawo akusocheretsani. Ku Texas a Texas Department of Insurance, TDI ija, amafuna maola 24 pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo laisensi imatha tsiku lomaliza la mwezi womwe munabadwa. Koma theka la maolawo, 12, liyenera kukhala la m'kalasi kapena kosi ya pa intaneti yomwe anaivomereza kuti ndi classroom equivalent, kutanthauza yofanana ndi ya m'kalasi. Ndiye ngati 18 anuwo ndi self-study yokhayokha, omwe awerengedwe ndi 12 basi, mwatsala ndi 12 osati 6 ayi. Mkati mwa 24 mo atatu akhale a ethics, za khalidwe loyenera pa ntchito, amenewa anthu amawaiwala kwambiri, mwina poti kosi yake ndi yogonetsa tulo. Lowani pa Sircon, webusaiti yomwe imaonetsa maola anu a CE, lero lomwe muone transcript yanu, mndandanda wa makosi omwe mwapanga, kuti kosi iliyonse analemba kuti ndi ya mtundu wanji, osangodalira satifiketi yomwe anakutumizirani pa imelo, amene amatumiza maola ku boma ndi sukulu yomwe munapangako kosiyo ndipo nthawi zina amachedwa.

Za kudwazika mayi zija, lamulo limalola kupempha kuti akuwonjezereni nthawi ngati panali matenda kapena vuto lomwe simukanatha kulipewa, koma pempho lipite laisensi isanathe komanso ndi umboni, makalata achipatala, matikiti a ndege, zidindo za mu pasipoti. Kuvomera kapena kukana zili kwa a TDI. Ineyo ndikanapempha inde koma uku makosi ndikupanga, maola 12 munthu ukhoza kumaliza pa wikendi ziwiri bwinobwino.

Tsiku likadutsa musanamalize, faindi yake ndi $50 pa ola lililonse lomwe lapelewera, ndipo amakupatsani masiku 90 oti mumalize maolawo, mulipire faindiyo ndi ndalama ya kuchedwa. Kulipira sikufafaniza maola, muwapangabe. Masiku 90 akakupitirirani ndiye kulembetsanso ngati watsopano, chaka chikakwana mayeso omwe mulembanso.

Chomwe ndikukuchondererani ndi ichi, laisensi ikatha musagulitse polise ya inshuwalansi ngakhale imodzi, olo kasitomala akhale wa kutchalitchi kwanu akukukakamizani kuti mungomusainitsa. Kumeneko ndi kugulitsa opanda laisensi, mlandu wake ndi wina ndipo ndi wolemera kuposa faindi ya maolayi, kampani yomwe mumaigulitsira nayonso ikhoza kukuchotsani.

Ngati mumagulitsanso ma annuity kapena long-term care mundiuze, amenewo ali ndi makosi awoawo apadera. Munditumizirenso transcript ija ndiione tisanalembe kalata ya ku TDI.