Musamusiyitse, koma alangizi adziwe za mabalawo

Achemwali mwafunsa za mwana wa mng'ono wanu wa zaka 15 uja, kuti chiyambireni uphungu atagwiriridwa zinthu zikungoipiraipira, usiku akubwebweta, nsima sakudya, ndiye mwamupeza ndi mabala a lezala pamkono, kodi mumusiyitse? Ine ndikuti ayi musamusiyitse panokha, komanso musadikire tsiku lomwe anakupatsani, mawa lomweli pitani mukawauze alangiziwo chifukwa mwina sakudziwa nkomwe. Ana amabisa. Mwana akamavala juzi masana ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi dziwani kuti pali chomwe akuphimba.

Uphungu wa ana oti anakumana ndi zoopsa suyambira pa nkhaniyo ayi, amayamba amuphunzitsa kaye kudzikhazika mtima pansi, kupuma pang'onopang'ono, kutchula zomwe akumva mumtima, kenako mpamene amayamba kulongosola zomwe zinachitika zija ndipo apa mpomwe ena maloto amabwerera, kulira, ukali, zimenezo zimachitika ndithu ndipo kawirikawiri zimadzatsika. Koma kudzicheka sikoti tingoti zipita zokha, ndiye kuti zamukulira, alangizi abwerere kaye mmbuyo achepetse liwiro, agwirizane naye kuti maganizo oipawo akabwera achite chani, auze ndani, ndipo inuyo mukhalepo pokambiranapo.

Kunyumbako mufunseni maso ndi maso muli awiri, kuti mwanawe kodi umaganiza zodzipha? Ndikudziwa pakamwa pamalemera koma kufunsa sikumuika maganizowo mmutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Osamukalipira chonde, osamumenya, osamuuza kuti akuchititsa manyazi mtundu. Tameki, mankhwala a mmunda, mapilisi, malezala, zonse chotsani mukatsekere kwina, ndipo masiku ano asamagone yekha.

China chomwe simunanene, yemwe anamugwirira uja ali kuti? Ngati akukumana naye pa mjigo kapena popita kusukulu ndiye uphungu uvuta kugwira, mwana sangachire akuonabe munthuyo tsiku ndi tsiku, pitani ku polisi ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza.

Ena mmakomenti akuti ndi majini. A shehe kapena abusa amupempherere palibe choletsa, zimamulimbitsa mtima, bola zisalowe mmalo mwa chipatala, ndipo asamuimike pagulu nkumaulula nkhani yake, zimenezo zimandiwawa kwambiri ndikaziona.

Mwanayo akanena kuti wakonza kale njira yodziphera, kapena wamwa chinachake, musadikire kuche, kwerani naye kabaza wa njinga yamoto kupita kuchipatala chomwe muli nacho pafupi ngakhale akuoneka bwinobwino. Pa chipatala cha boma pa Mangochi mukafunse oona za matenda a mmaganizo, zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Palinso 116, nambala ya ana ya Tithandizane yomwe amayendetsa a bungwe la YONECO, ndi yaulere, mutha kuimba inu kapena iye mwini, mulembereni pa chikuto cha kope lake.