Yankho kwa mayi amene maulendo ayamba kuwatopetsa

Amayi, mwafunsa ngati chikondi chanu cha maulendo chatha, popeza ulendo wa m'gulu umene munazungulira mizinda 5 m'masiku 7 unakusiyani otopa ndi osakhutira, chikhalirecho ulendo woyamba wotere unakusangalatsani kwambiri. Ine ndikuona kuti chikondicho chilipo ndithu, koma zimene mtima wanu ukufuna mukachoka pakhomo ndizo zasintha.

Munthu woyenda koyamba amangokhalira kupapasa thumba kuti aone ngati pasipoti ilimo, kwinaku akuda nkhawa kuti basi imusiya. Kwa iye wotsogolera alendo amene wanyamula kambendera patsogolo ndi chilimbikitso chachikulu, ndipo chithunzi chojambulitsa pamalo otchuka, choti abale akaone, ndicho phindu la ulendo. Mantha amenewa akatha, ndandanda yomweyo imene inkakutetezani imayamba kukupanikizani.

Philip Pearce, amene anali katswiri wa zokopa alendo pa yunivesite ya James Cook ku Australia, anayerekeza kusinthaku ndi kukwera makwerero mu 1988, potsatira mfundo za Abraham Maslow, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, zokhudza zosowa za munthu. Mu 2005 iye ndi mnzake wofufuza naye anakonzanso ganizoli atapeza kuti pafupifupi aliyense amayenda pofuna kuona zachilendo, kupuma ndi kulimbitsa ubale, koma amene ayenda kwambiri amakopeka ndi chilengedwe komanso moyo wa eni malo, pamene ongoyamba kumene amaikabe mtima pa kudzimva otetezeka ndi kutamandidwa ndi anzawo.

Choncho ndikukulangizani kuti ulendo ukubwerawu musankhe malo amodzi okha, ndipo mugonepo masiku osachepera asanu. Konzani za mayendedwe, malo ogona ndi inshuwalansi musananyamuke, chifukwa kuzolowera kuyenda si chifukwa chotayirira, koma masiku awiri muwasiye opanda pulogalamu iliyonse. Phunzirani moni wa m'chinenero chawo, ndipo muziyenda msewu umodzimodzi m'mawa uliwonse mpaka wosesa pakhonde ayambe kukuzindikirani ndi kukupatsani moni inu musanatero. Kwa ine chinthu chaching'ono chimenechi chimakhalitsa mumtima kuposa zithunzi zambirimbiri.

Mwatchulanso kuti mng'ono wanu, amene sanakwerepo ndege, akufuna kukuperekezani. Mutengeni, koma musamuchepse akamafuna kujambulitsa paliponse kapena kufunsa kawirikawiri nthawi yonyamukira. Mumupatse tsiku lathunthu loona malo otchuka ndi wotsogolera alendo, ndipo tsiku limenelo muyende naye limodzi.