Funsani Dokotala: Kagonedwe ka khanda ndi imfa yamwadzidzidzi ya kutulo

Funso: Adokotala, mwana wanga ali ndi masabata 6. Apongozi anga akuti ndizimugoneka chafufumimba chifukwa akagona chagada akhoza kutsamwa ndi mkaka akasanza. Anamwino kusikelo ananena zosiyana. Ndimvere ndani? (Mayi wa ku Dedza)

Yankho: Mverani anamwino, mayi. Mwana azigona chagada nthawi zonse, usiku ndi masana omwe, mpaka akwanitse chaka. Apongozi anu musawaone ngati osadziwa, chifukwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 madokotala ambiri a ku Ulaya ankalangizanso chafufumimba pa chifukwa chomwecho. Anasintha ataona kuti makanda ooneka athanzi amene ankapezeka atamwalira kutulo, ambiri mwa iwo anali ogona chafufumimba. Imfa imeneyi madokotala timaitchula kuti SIDS. Ku Britain mu 1991 ndi ku America mu 1994 anayamba kampeni yotchedwa Back to Sleep, youza makolo kugoneka ana chagada, ndipo imfa zotere zinatsika kupitirira theka.

Za kutsamwazo musade nazo nkhawa. Mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba ndipo ya chakudya imakhala pansi, choncho mkaka wobwerera amaumeza kapena umatulukira pakamwa. Akagona chafufumimba, mphuno imakanikizika pa matiresi, amapumanso mpweya womwe watulutsa, amatenthedwa, ndipo tulo take timakhala tofa nato moti thupi limachedwa kumudzutsa mpweya ukachepa. Chammbali ayinso, sachedwa kugubuduzikira pamimba. Nthawi yoopsa kwambiri ndi ya miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo imfa zambiri zimachitika asanakwane miyezi 6. Akadzayamba kudzitembenuza yekha mbali zonse ziwiri, inu muzingomuika chagada pogona, kwinako azitembenuka yekha.

Funso: Tili ndi chipinda chimodzi ndi bedi limodzi. Ine, mayi a kunyumba, khanda ndi mwana wazaka zitatu timagona pamodzi. Kukazizira timalowetsa mbaula. Kodi tikulakwitsa? (Bambo wa ku Ndirande)

Yankho: Ndiyambe ndi mbaula, bambo: itulutseni lero. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha, umene umapha ngakhale akuluakulu ali mtulo. Otherani panja, ndipo mbaula itsale komweko.

Malangizo a m'mabuku amati khanda ligone m'chipinda cha makolo koma pakabedi kakekake kwa miyezi 6 yoyambirira. Ndi oona, koma sindingauze banja la chipinda chimodzi kuti likagule kabedi ngati kuti ndi tomato wa pamsika. Tiyeni tione zimene zingatheke.

Mwana wazaka zitatu asagundizane ndi khanda, chifukwa amaponya miyendo kutulo osadziwa kanthu. Khanda ligone kumbali ya amayi ake, osati pakati pa inu awiri, komanso pasakhale mpata pakati pa matiresi ndi khoma pomwe lingatsakamire. Pilo asayandikire. Bulangete lanu lolemera lija lisamufundike. Akhale ndi kansalu kake kopepuka kolekezera pachifuwa, nkhope ili pamtunda. Matiresi a siponji amene anatha mpaka kukumbika pakati ndi oipa, mwana amaterereka n'kukamira m'dzenjemo. Mphasa kapena mkeka woyalapo nsalu yokokedwa bwino umaposa matiresi oterowo, chifukwa chofunika ndi malo olimba ndi osalala. Neti ya udzudzu musaichotse, malungo nawo ndi akupha, ingoipindirani bwino kuti isalendewere pankhope pake.

Chimene ndimaona kawirikawiri kusikelo m'mwezi wa June ndi khanda lovekedwa chipewa chaubweya, juzi, masokosi, kenako n'kukulungidwa m'zitenje ziwiri ndi bulangete, thukuta lili kamukamu. Kutenthedwa kumawonjezera chiopsezo. Pisani dzanja pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi lake: ngati pali thukuta, chotsani china. Manja ndi mapazi zimazizira mwachibadwa, musamayezere pamenepo. Akagona m'nyumba chipewa chichoke, kupatula wobadwa masiku osakwana amene achipatala anakuuzani kuti muzimufungatira pachifuwa mwa njira ya kangaru.

Pali masiku amene khanda lisagone nanu pabedi ngakhale pang'ono: mwamwa mowa, mwamwa mankhwala ogonetsa, kapena wina mwa inu amasuta fodya. Wobadwa masiku osakwana kapena wosafika makilogalamu awiri ndi theka amafunanso malo akeake. Kugona naye pampando wa sofa ndiye koopsa kuposa pabedi. Malo akeakewo safuna ndalama zambiri. Ku Finland boma linayamba kupereka katundu wa makanda mu 1938, ndipo katoni yomwe katunduyo amabweramo ambiri amagonekamo mwana. Amaori a ku New Zealand amaluka kadengu kotchedwa wahakura n'kukaika pabedi pambali pa mayi. Dengu lotakasuka, lolimba ndi losalala pansi, likhoza kugwira ntchito yomweyo.

Funso: Mchemwali wanga anapeza mwana wake wa miyezi itatu atamwalira m'mawa, osadwala. Achibale akuti anamugonera, ena akuti ndi tsempho. Zoona ndi ziti? (Mayi wa ku Kasungu)

Yankho: Pepani kwambiri ndi zovutazi. Popanda kupima thupi ndi kuona malo amene mwana anagona, palibe angagamule kuti anamugonera. Ofufuza anapeza kuti makanda ena amabadwa ndi vuto lobisika m'mbali ya ubongo yoyendetsa kapumidwe ndi kudzuka, ndipo silioneka ndi maso. Mwana wotere akhoza kumwalira mwakachetechete ngakhale m'nyumba yosamala. Tsempho silikukhudzana ndi zimenezi, ndipo kulozana zala kungowonjezera chisoni cha namfedwa. Akadzakhalanso ndi pakati, akauze anamwino zimene zinachitikazi, apewe utsi wa fodya ndi mowa, adzayamwitse mwakathithi miyezi 6, ndipo mwana adzalandire katemera yense pa nthawi yake, chifukwa zonsezi zimachepetsa chiopsezo.