Akuti kumeneko n'kokacheza basi

Imelo yanu, achemwali, ndaiwerenga katatu, ndipo pofika kachitatuko n'kuti mtima utakwera kale. Si inu mwandikwiyitsa ayi. Mwati mwagwira ntchito ya uloya zaka zinayi, mwaona chilengezo cha m'bindikiro wa masiku atatu wa maloya aakazi, kampani yakana kukulipirirani, ndiye mukufunsa ngati n'kwanzeru kupisa m'thumba mwanu. Kumapeto mwaponyako kachiganizo kamodzi ngati kopanda ntchito, koti abwana anu anaseka n'kunena kuti kumeneko n'kokacheza basi. Kachiganizo kameneko ndi kamene kandilanda tulo.

Inenso anandiuza zomwezo. Mawu anali ena, koma kaseko kake komweko.

Ndinali m'chaka changa chachitatu pa kampani ina ya maloya, imene sinditchula. Ntchito ndinkaidziwa, zimenezo sindikayika. Zikalata zambiri zopita kukhothi ndinkalemba ndine, nthawi zina mpaka usiku alonda atatseka kale geti. Kukacha, mnzanga wamwamuna amene tinayamba naye ntchito mwezi umodzi ndiye ankanyamula fayilo kuperekeza abwana kukakumana ndi kasitomala. Loweruka ankapita nawo ku gofu. Madzulo ena ankakhala nawo pa chakumwa ndi akuluakulu a mabanki, ndipo malisiti ake ankabwera ku ofesi Lolemba, kampani n'kubweza ndalama zonse popanda wofunsa. Zimenezo dzina lake silinali kucheza. Ankati n'kusaka makasitomala. Ine nditapempha masiku atatu okha kuti ndikakumane ndi maloya anzanga aakazi, anandifunsa ngati ndikufuna andichotsere pa tchuthi changa cha pachaka.

Anandichotseradi. Ndinalipira ndekha, n'kupita chifukwa cha mkwiyo chabe.

Ndisakunamizeni, tsiku loyamba ndinaona ngati abwana aja ananena zoona. Anatipachika timapepala ta mayina pachifuwa, n'kutikhazika mozungulira matebulo. Mayi wina wolankhula mokoma, amene sanali loya n'komwe, anatiuza kuti aliyense alembe zimene amaopa pa kapepala, kenako aking'ambe. Ndinalemba kuti ndimaopa kukalamba ndikulembera anthu ena zikalata. Ndinang'amba. Mantha aja anangokhala pomwepo kundiyang'ana. Masana anatiphunzitsa kaimidwe, akuti mapewa m'mwamba, mawu azichokera pansi pa mimba. Pa nthawi yopuma aliyense anali kalikiliki kugawa makhadi, ine n'kutolera mpaka chikwama kutupa. Nditabwerera ndinawamanga ndi kalabala n'kuwaponya m'dirowa. Ndinadzawapeza patapita zaka ndikusamuka ofesi, kalabala kaja katauma n'kumatirira pa khadi lapamwamba. Panalibe ngakhale mmodzi amene ndinamuimbirapo, ndipo ambiri nkhope zawo sindinkazikumbukanso.

Zimene zinandisintha zinachitikira panja pa holo, pa masitepe a kuseri, usiku wachiwiri. Ku ofesi anali atandiimbira kufunsa za fayilo ina, ndiye ndinatuluka kukayankha. Ndinkangopepesa pafonipo, pepani bwana, nditumiza pompano bwana, pepani kuti ndili kutali. Nditadula ndinazindikira kuti sindinali ndekha. Panali mayi wina wachikulire atakhala pa sitepe, nsapato atavula n'kuziika pambali, akusisita zala za kumapazi. Sanandipatse moni n'komwe.

"Mwana wanga, mlanduwo ngwandani?"

Ndinati ndi wa kampani yathu.

"Ayi, ndikufunsa kuti kasitomalayo akafuna kudziwa pamene nkhani yake yafika, amaimbira ndani?"

Ndinatchula abwana.

"Nanga iweyo amakudziwa dzina?"

Ndinangokhala chete. Anafunsanso kuti chaka chathacho maola anga olipiritsa makasitomala anabweretsa ndalama zingati ku kampani. Sindinkadziwa, ndipo funso lotero linali lisanandibwererepo m'mutu. Anapukusa mutu, n'kuyamba kundifotokozera zimene palibe anandiphunzitsapo ku sukulu ya malamulo: kuti pa kampani ya maloya amene amakwera msanga ndi amene kasitomala amalowera pa dzina lake, kuti makampani ambiri amalemba m'mabuku mwawo amene anabweretsa kasitomala aliyense ndipo pogawana phindu amayang'ana pamenepo, kuti wogwira ntchito yabwino mwakachetechete amamukonda kwambiri koma kumupatsa gawo la kampani amazengereza, chifukwa amupatsirenji pomwe ntchito akuigwira kale? Tinakhala pa masitepepo mpaka m'holo anazimitsa magetsi. Khadi sanandipatse. Analemba nambala yanga kuseri kwa pulogalamu ya m'bindikirowo, n'kufunsa mtundu wa milandu imene ndimaikonda. Ndinati ya malo ndi nyumba.

Panapita miyezi isanu ndi itatu, ine n'kuiwalako. Tsiku lina foni ya pa ofesi inalira, munthu akufunsa ine, dzina langa lenileni. Mayi aja anali atakana mlandu wina chifukwa kampani yawo inkaimira kale mbali inayo, ndipo malamulo a ntchito yathu salola kuimira anthu awiri otsutsana pa nkhani imodzi. Munthu wotere sumangomubweza chimanjamanja, umamuuza kwina koti apite. Iwo anatchula ine. Ameneyo ndiye anali kasitomala wanga woyambirira, ndipo nkhope ya abwana anga tsiku limenelo ndimaikumbukabe ndikafuna kuseka.

Pamenepa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikudabwa kuti okonza mibindikiro ambiri sapanenapo. Ntchito yambiri ya uloya imayenda kuchokera kwa loya kupita kwa loya mnzake. Wina wakana mlandu chifukwa akuimira mbali ina, wina nkhaniyo si ya mtundu umene amagwira, wina yamuchepera, wina kasitomala wake ali ndi vuto m'dziko lina ndipo akufuna loya wa kumeneko. Nthawi zonsezi pamafunika dzina, ndipo munthu amatchula dzina limene lamubwerera msanga. Amuna akhala akutchulana mayina chonchi kuyambira kale, pa gofu ndi pa chakumwa. Phindu la m'bindikiro ndi lakuti anthu awiri kapena atatu azikukumbukirani inu mulibe. Aphungu okuuzani kuti limbikirani, alipo ambiri, mwina achita kuchuluka. Osowa ndi amene angakugwireni dzanja n'kukulowetsani pakhomo. Akuluakulu anati pita uko si kuyenda, koma tiye kuno.

N'chifukwa chake zong'amba timapepala zija zimandinyansa, ndipo pamene ndikukula mpamene zikundinyansirabe. Poyamba ndinkati n'zosathandiza chabe. Lero ndikuti n'zowononga. Kusonkhanitsa akazi amene anakhoza mayeso a malamulo, amene amaima pamaso pa oweruza sabata ndi sabata, n'kumawauza kuti vuto lawo ndi kusadzidalira, n'kuwanamiza. Myra Bradwell anakhoza mayeso a uloya ku Illinois mu 1869, anamukaniza chiphaso, ndipo mu 1873 khothi lalikulu la dziko la America linagwirizana ndi omukanizawo. Kodi ameneyo chinamusowa ndi kaimidwe? Ku South Africa mu 1912, pa mlandu wa Madeline Wookey, khothi linagamula kuti mawu oti "anthu" m'lamulo la maloya sankaphatikiza akazi. Ku England mu 1913 Gwyneth Bebb anauzidwa zofananazo, ndipo zinatengera nyumba ya malamulo kusintha lamulo mu 1919 kuti chitseko chitseguke. Ku South Africa anadikira mpaka 1923. Sandra Day O'Connor anamaliza maphunziro a malamulo ku Stanford mu 1952 ali m'gulu la okhoza bwino kwambiri, koma kampani ina ya maloya ntchito imene inamulonjeza inali ya usekeletale. Mu 1981 mayi yemweyo anakhala mkazi woyamba kuweruza m'khothi lalikulu la dziko la America. Mapewa ake anali omwewo.

Mwina mukuti izi n'zakale. Mu 2019 bungwe la maloya a m'mayiko osiyanasiyana la International Bar Association linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa anthu pafupifupi 7,000 ogwira ntchito za malamulo m'mayiko 135. Mwa akazi amene anayankha, mmodzi mwa awiri alionse anati anazunzidwapo pa ntchito, ndipo mmodzi mwa atatu anati anachitidwapo zachipongwe zokhudza kugonana. Zambiri mwa nkhani zachipongwezo sizinakanenedwe kulikonse. Ndiye wina andiuze kuti mankhwala ake ndi kupuma mokoka mpweya maso ali chitsinzinire?

Mundimvetse, kupuma sindidana nako. Loya wotopa amalakwitsa, ndipo kugona masiku awiri popanda foni kulira n'chinthu chabwino. Koma ngati mukufuna kupuma, kapumeni, musachite kulipira ndalama za m'bindikiro kuti akulolezeni kugona.

Pali kankhani kena kamene ndimakakonda, ngakhale kandipatutsa pang'ono. Mu 1886 akazi ochepa a ku sukulu ya malamulo ya University of Michigan anayambitsa kagulu kotchedwa Equity Club. Maloya aakazi panthawiyo anali ochepetsetsa, omwazikana m'mizinda yotalikirana, moti kukumana pamodzi kunali kosatheka. Ndiye aliyense ankalemba kalata kamodzi pachaka, makalatawo n'kusonkhanitsidwa n'kutumizidwa kwa mamembala onse. Ankafunsana za ntchito, za banja, za thanzi, ndiponso funso limene linawavuta zedi: kodi loya wamkazi akaima kulankhula m'khothi avule chipewa monga amachitira amuna, kapena achivale monga ankayenera kuchitira mayi waulemu masiku amenewo? Munthu ukhoza kuseka, koma limenelo linali funso lenileni la munthu amene mawa lake akukaima pamaso pa woweruza ndipo alibe womufunsa. Analibe hotela, analibe wowaphunzitsa kaimidwe. Anali ndi anzawo oti awafunse zinthu zimene sakanafunsa mwamuna aliyense pa ofesi. Magulu akuluakulu anadza pambuyo: Women Lawyers' Club ku New York mu 1899, FIDA, bungwe la maloya aakazi a m'mayiko osiyanasiyana, ku Mexico City mu 1944. Koma mbewu yake ndi makalata aja. Chipewa cha masiku ano ndi funso loti ndiwauze liti eni kampani kuti ndili ndi pakati, kapena loti ndichite chiyani kasitomala wamkulu akamanditumizira mauthenga pakati pa usiku osakhudza mlandu.

Nanga mupite?

Pitani ngati mungathe kuona mndandanda wa obwera musanalipire, ndipo pa mndandandapo pali anthu amene anakutsogolerani zaka khumi kapena kuposa, oweruza, eni makampani, maloya a m'mabanki ndi m'mabungwe amene amagawa ntchito kwa maloya akunja. Ngati onse ndi amsinkhu wanu, mukatonthozana bwino koma palibe adzakutumizireni mlandu chaka chino. Yang'anani pulogalamu: ikhale ndi nkhani za ndalama, kalipiritsidwe, kapezedwe ka makasitomala, kakambidwe ka malipiro, ndiponso mipata yaitali yopanda wolankhula kutsogolo. Gulu laling'ono limaposa chikhamu. Funsani ngati amatsatira lamulo lija la Chatham House, loti zokambidwa ukhoza kuzigwiritsa ntchito koma osaulula amene ananena, chifukwa popanda zimenezo palibe angalankhule zoona zokhudza malipiro ake. Ngati bungwe lanu la maloya limawerengera maola a maphunziro opitiriza, funsani ngati m'bindikirowo ukuwerengedwa, n'kubwereranso kwa abwana ndi pepala limenelo. Ambiri amafewa akaona kuti ndi ndalama zoti akanalipirabe kwina. Ngongole musatengere. Mukafika, sankhani anthu atatu, muwauze momveka mtundu wa milandu imene mumagwira, ndipo muwalembere sabata isanathe. Chinsinsi cha kasitomala chisakupulumukeni pakamwa ngakhale macheza atakoma bwanji usiku.

Ndipo musanapite, kawerengeni ndalama zimene munabweretsa ku kampani chaka chatha. Wina akakufunsani.

Za abwana anuwo ndiye ndikanakonda kudziwa chinthu chimodzi, ngati mungandiyankhe. Malisiti awo a Loweruka amalipira ndani? Sindikuti mukawafunse, ntchito mukuifunabe. Kungoti ine ndinachita kudikira mpaka tsiku lotsanzika pa kampani ija kuti ndifunse anga, nditanyamula kale katoni ya mabuku m'manja, ndipo anandiyankha kuti gofu ndi nkhani ina. Mayi a pa masitepe aja anapuma ntchito tsopano. Chaka chatha ndinawatumizira mdzukulu wawo, amene wangoyamba kumene uloya, kamlandu kakang'ono ka lendi kamene sindikanatha kukatenga chifukwa mwini nyumbayo ndi kasitomala wanga. Mtsikanayo anandiimbira akupepesa kuti mwina sakwanitsa, ine n'kumuuza kuti asiye kupepesa, atsegule fayilo m'dzina lake.