Ma marshmallow m'malo mwa marshmallow cream: zimatengera chimene mukuphika

Asisi, mwafunsa ngati mungaike ma marshmallow a m'paketi poti resipi yanu ikufuna marshmallow cream ndipo muno mu Mzuzu simukuipeza. Zimatheka, koma osati pa chilichonse.

Ma marshmallow amakhala ndi gelatin, cholimbitsa chochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Mukawasungunula amafewa, koma akangozizira amalimbanso. Cream ija, monga Marshmallow Fluff ya ku America, ilibe gelatin. Amaipanga ndi zoyera za mazira, shuga ndi corn syrup (manyuchi opangidwa kuchokera ku chimanga), n'chifukwa chake imakhalabe yofewa ngakhale igone m'botolo.

Ndiye ngati mukupanga fudge, maswiti ofewa oduladula aja, pitirizani, chifukwa fudge imafunika kuti ilimbe kale. Maresipi ambiri a ku America amati botolo limodzi la 7 oz, omwe ndi magalamu pafupifupi 200. Inu tengani magalamu 200 a ma marshmallow ndi masupuni akulu 2 a golden syrup, poti corn syrup kuno ndi yosowa. Golden syrup idzasintha mtundu pang'ono kukhala wachikasu, koma mu fudge ya chokoleti palibe angadziwe.

Kusungunula ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Musaike poto wa ma marshmallow pamoto mwachindunji, makamaka pa mbaula. Pansi amapserera kumwamba asanafewe n'komwe, ndipo fungo la shuga wopserera silichoka. Wiritsani madzi pang'ono mu poto, muchepetse makala, kenako mukhazike mbale yachitsulo pamwamba, isakhudze madziwo. Pakani majarini pa mbaleyo ndi pa mthiko, n'kuikamo ma marshmallow ndi golden syrup ija. Muzitakasa pang'onopang'ono mpaka zibuluma zonse zithe, n'kuthira mu fudge nthawi yomweyo. Ndi kuzizira kwathu kuno, makamaka mu June ndi July, mukangoti muyankhe kaye foni mupeza zagwirana kale ngati ulimbo.

Pogula muyang'ane zinthu ziwiri. Mapaketi ambiri amasakaniza oyera ndi apinki, ndipo apinkiwo amabweretsa mtundu ndi kafungo kawo, choncho sankhani oyera okha, enawo ana adye. Chachiwiri, gelatin ina imachokera ku nkhumba. Ngati mumagulitsa kapena muli ndi alendo achisilamu, werengani kaye kuseri kwa paketi.

Koma ngati ndi icing ya keke kapena zoika pakati pa mabisiketi, ine ndingati musayese. Mawa lake imakhala yotanuka, mpeni umakakamira podula. Kuli bwino mupange cream yanu. Wiritsani shuga magawo awiri mwa atatu a kapu, golden syrup magawo atatu mwa anayi a kapu, ndi madzi gawo limodzi mwa atatu a kapu, mpaka zifike 115°C. Ngati mulibe choyezera kutentha, donthezani pang'ono m'madzi ozizira. Zikapanga kampira kofewa kamene mungakatole ndi zala, zapsa. Menyani zoyera za mazira 3 mpaka thovu liime, ndiye muzithira shuga wotenthayo pang'onopang'ono m'mbali mwa mbale uku mukumenyabe mpaka mbale izizire. Mbaleyo isakhale ndi mafuta ngakhale pang'ono, apo ayi thovu silikwera. Pamanja zimatopetsa kwambiri, ndiye ngati muli ndi mikisa, yambani mwatsimikiza kuti magetsi alipo.