Ferret adye chiyani?

Funso: Mlamu wanga wandisiyira ferret, kanyama konga likongwe. Ndikumakapatsa nsima ndi mkaka, koma kakutsegula m'mimba. Ndikadyetse chiyani?
Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Mayi, nsimayo ndi mkakawo siyani lero lomwe. Kanyamaka n'kodya nyama basi. Matumbo ake ndi aafupi, chakudya chimadutsa m'maola 3 kapena 4, ndiye chimanga sichigayika. Kapatseni nkhuku, mitima, nthutumba, dzira mwa apo ndi apo, chiwindi pang'ono pokha. Mafupa ophika ayi, amalasa m'mimba. Nyama ikasowa, gulani chakudya cha ana amphaka, osati cha agalu. Ana asakapatse nthochi kapena shuga. Muziyang'ananso kunsi kwa mipando, kamabisa zotsala, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno zimaola msanga. Kutsegulako kukafika mawa, thamangirani kwa dokotala wa ziweto.