"Kwathu chipani n'chimodzi, ndikavotererenji?"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chadiza. Akuti kwawoko ngakhale mwana amadziwa chipani chomwe chidzapambane, pomwe iwo mtima wawo uli kwina, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kukapsa ndi dzuwa pamzere tsiku la masankho. Mlongo wanga, ndinawerenga kawiri n'kuika foni pansi. Mwandiponda pachilonda.

Ine kwathu ndi ku Katete. Bambo anga anali a UNIP, chipani cha a Kaunda, chibadwire. Mu 1991, dziko lonse la Zambia likukhamukira kwa a Chiluba ndi chipani chawo cha MMD, Kum'mawa kunakana, mipando yonse 19 ya aphungu a chigawo chathu inatsala m'manja mwa UNIP. Ndinali mwana, koma sindiiwala bambo ali pakhonde, wailesi pakhutu, nsima ikuzizira m'mbale. Ankangoti, "Ife sititaya mkulu wathu." Ndinakula ndikukhulupirira kuti kwathu timavota ngati munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo akusowa ine kapena ayi, zilibe kanthu.

Ndiye kunabwera 2015. Pulezidenti Sata anamwalira mu Okutobala 2014, masankho n'kuikidwa pa 20 Januwale, pakati pa dzinja. Ine ndinali nditakhazikika kale kuno ku Mtendere mu Lusaka, koma dzina langa linali m'kaundula wa pa sukulu ya kumudzi. Ndinafika mpaka pa Intercity ndi kachikwama, ndinafunsa mtengo wa basi, ndinakumbukira fizi ya ana, ndinabwerera kunyumba. Panjira ndinkadzitonthoza kuti kwathu zadziwika kale.

A Lungu anapambana a Hichilema ndi mavoti osakwana 28,000. Anthu amenewo mutawaika mu National Heroes Stadium, theka la mipando lingatsale lopanda munthu. Ndipo mwa anthu atatu alionse olembetsa, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene anavota. Sindikuuzani amene ndikanamuvotera, si nkhani yake. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi amayi anga. Iwo tsiku limenelo anavula masilipasi, anawanyamula m'manja, anawoloka kamtsinje kodzaza madzi n'kukaima pamzere mvula ikuwawaza. Madzulo ndikuwaimbira foni anandifunsa, "Nanga iwe chala chako chili ndi inki?" Ndinasintha nkhani, ndinayamba kufunsa za chimanga.

Tsono mundimve bwino. Mawu oti "kuno n'kwa chipani chakuti" ndi bodza, ndipo amene amawafalitsa kwambiri ndi amene amadyerapo. Chipani chimene chikudziwa kuti ndinu ake sichivutika nanu, chimangobwera ndi zitenje mwezi womaliza. Chimene chikuganiza kuti munatayika sichiwononga n'komwe mafuta kubwera. Inu mumatsala pakati ndi msewu wanu wokumbikakumbika. Komanso taonani Kum'mawa komwe timati sikusintha: kunali kwa UNIP, kunadzakhala kwa MMD nthawi ya a Rupiah Banda pomwe "wako ni wako" anali pakamwa pa aliyense, kenako PF. Mwini wake ndi uti? Chimene timachitcha mtima wa tauni n'chiwerengero cha okhawo amene anadzuka m'mawa. Okhala kunyumba sawerengedwa, ndipo m'tauni yaing'ono angakhale ochuluka kuposa amene anapambanitsa phungu.

Ndikudziwa pali china chimene simunalembe. M'tauni yaing'ono mumadziwana nonse. Wapampando wa kopaletivu ndi mlamu wa khansala, ndipo munthu amaopa kuti akadziwika kumene wapendekera, dzina lake lizimiririka pamndandanda wa fetereza wa FISP, thandizo la boma kwa alimi. Azakhali anga ankavala chitenje cha chipani chimodzi popita kumsika chifukwa cha mantha amenewa. Kuno ku Lusaka tinaonanso makada, anyamata a chipani, akulamulira m'misika ndi m'masiteshoni a basi, munthu kuopa kuvala malaya a mtundu wina. Koma pa 12 Ogasiti 2021 ndinadzuka kusanache n'kupeza mzere utazungulira kale mpanda wa sukulu, ambiri achinyamata, ena atafunda mabulangete. Palibe amene ankalankhula za chipani. Anthu 7 mwa 10 alionse olembetsa anavota, ndipo a Hichilema anapambana a Lungu ndi mavoti pafupifupi 1 miliyoni. Ine ndinali nditalembetsa kuno mu kaundula watsopano wa 2020. Nditatuluka ndinajambula chala n'kutumizira mlongo wanga kuti akawaonetse amayi.

China chimandinyansa: timakangana za pulezidenti usiku wonse, koma khansala sitimudziwa ndi dzina lomwe. Chikhalirecho ndalama za CDF, za chitukuko cha dera la phungu aliyense, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Mjigo, madesiki, chipinda cha amayi oyembekezera pa kiliniki, zonsezi zimakambidwa pamenepo, pafupi ndi khomo lanu.

Yankho lanu, mlongo wanga

Pitani. Voti ya pulezidenti imaphatikizidwa dziko lonse, ndipo kuyambira 2016 wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, choncho yanu ya ku Chadiza ikulemera chimodzimodzi ndi ya ku Kabulonga ngakhale tauni yanu yonse itavota kwina. Mudzapatsidwa mapepala anayi: pulezidenti, phungu, wapampando wa khonsolo ndi khansala, ndipo sikokakamiza kuchonga chipani chimodzi ponseponse. M'kachipinda kovotera mumakhala nokha, pepala silikhala ndi dzina lanu. Sungani reji ndi khadi lovotera pamalo amodzi, ndipo a ECZ, oyendetsa masankho, akatsegula kaundula pitani mukaone ngati dzina lanu lilimo. Amatsegula 6 koloko m'mawa, ndiye lawirani dzuwa lisanakwere. Mukabwerako mundilembere, mundiuze kuti mzere wa pa sukulu yanu unafika pati.